Nkhoswe Imene Sinapasulepo Banja

Panali munthu wina, mlimi wa mtedza ndi chimanga, amene ankakhala m'mudzi wa kuseri kwa mapiri. Sanali wolemera, sanalinso wosauka. Anali ndi njinga yakapalasa, mbuzi zingapo, ndi mlongo wake mmodzi, mayi wamasiye. Mlongoyo anali ndi mwana wamkazi dzina lake Esinati. Bambo a Esinati anamwalira mwanayo akadali kubere, choncho amene anamulera ndi atsibweni akewo. Ndiwo ankamubereka kupita naye kuchipatala akadwala. Ndiwo anamuphunzitsa kugwira khasu. Mwanayo akalira, amayi ake akalephera kumutonthoza, ankangomupereka kwa atsibweni ake ndipo ankatonthola.

Ndikufuna mumvetse kuyambira pano kuti munthuyu sanali woipa. Ndikanakhala kuti ndikukuuzani za munthu woipa, bwenzi mukungopukusa mitu n'kumati, "Ameneyo si ine." Ayi, simuthawira kumeneko lero. Anali munthu wabwino, wansangala, wokonda kuseka mpaka misozi. Pa ukwati ankavina mpaka fumbi koboo. Masana a Loweruka ankapezeka pa bawo kugolosale, akukangana ndi anzake ngati ana.

Tsiku lina msuweni wake anayambana ndi mkazi wake, banja linafika pakuti basi, aliyense kwawo. Nkhoswe ya banjalo inali itakalamba, sinkathanso kuyenda, ndiye anatuma munthu wathuyu kuti akaimirire. Ntchito ya nkhoswe mukuidziwa: imaimira mbali yake pa tsiku la chinkhoswe, ndipo banja likagwedezeka ndiyo imaitanidwa kudzamva. Iye anali asanaigwirepo. Anangofika n'kuyala mphasa imodzi pansi pa mtengo, n'kuwakhazika awiriwo pamenepo. Anauza mkazi kuti ayankhule mpaka mawu amuthere. Mwamuna akafuna kudula, ankamukwezera dzanja kuti adikire. Kenaka anauza mwamuna kuti nayenso ayankhule. Mthunzi unasuntha, iwo n'kumasuntha mphasa. Anamva zonse, anafunsa mafunso, analira nawo pamene panali polira. Pomaliza anapempha chakudya m'mbale imodzi, ndipo sanachoke mpaka awiriwo atadyera pamodzi. Banja lija linakhala, ndipo linakhala bwino.

Mbiri inamveka. Achibale ena anayamba kumupempha kuti akhale nkhoswe ya ana awo. Anavomera uku, anavomera uko. Ndipo zinangochitika kuti mabanja amene iye anaimira sankatha. Ena ankakangana, inde, koma akafika iye ndi mphasa yake ija, zinthu zinkabwerera m'malo.

Dzina linabwera ngati nthabwala. Unali ukwati wina, iye akudutsa pakati pa anthu kupita kumene kunakhala akuluakulu. Mayi wina wa pakamwa, amene ankagawa thobwa, anaimba nthungululu n'kufuula kuti, "Patukani, patukani, akudutsa a Sapasula!" Anthu anaseka. Iyenso anaseka, mpaka anamuopseza mayiyo ndi chala. Pofika madzulo ana onse a m'mudzimo anali akumutchula choncho.

Tsono tcherani khutu, makamaka inu mwakhala kutsogolo kuno ndi majekete atsopanonu, pakuti zimene zinatsatira zinachitika pang'onopang'ono, mosaoneka.

Poyamba ankaseka akamva dzinalo. Kenaka anasiya kuseka, n'kumangovomera. Kenaka munthu akamuitana ndi dzina lake lobadwa nalo, ankachedwa kutembenuka. Ku bawo anasiya kupita, chifukwa a Sapasula sangaoneke akukangana pagulu. Kuvina anasiya, anayamba kukhala pampando manja ali pamaondo. Kuseka kwake kuja kwa misozi kunasanduka kumwetulira kwapang'ono. Ngakhale kayendedwe kanasintha. Anzake akale ankati akakumana naye ankavula chipewa, osadziwanso choti acheze naye. Palibe amene anamulamula kuti asinthe. Ankangoyang'ana m'maso mwa anthu, n'kuona munthu amene iwo ankamuyembekezera, n'kumayesetsa kufanana naye.

Mudzinso unalowa m'dzinalo. Anthu a kumeneko akapita kumsika ankadzitama kuti, "Kwathu banja silitha, tili ndi a Sapasula." Mpingo ukafuna chitsanzo unkatchula iwo. Alendo ankalozeredwa nyumba yawo.

Mphasa ija ankayalabe. Mbale imodzi ija inkabwerabe. Koma makutu anali atatsekeka, abale anga. Kale ankapita kukamva. Tsopano ankapita atadziwiratu mmene nkhani ithere, ndipo mathero ake anali amodzi okha. Mkazi akamafotokoza, iwo ankangodikira kuti amalize. Ndipo akazi a m'mabanja aja anaphunzira msanga. Ndani ankafuna kukhala woyamba? Ndani ankafuna kuti azilozedwa pa chitsime kuti, "Uyo ndi amene anaipitsa dzina la a Sapasula"? Ankadya m'mbale muja, chakudya chikuwatsamwa, n'kubwerera m'nyumba. Anthu n'kuombanso m'manja.

Esinati anakula. Anapeza mwamuna wa kutsidya kwa mtsinje, mwini chigayo. Ha, ulemu wake munthu ameneyo! Akaona apongozi ankagwada ali patali. Kutchalitchi ankaimba kwaya. Popeza chigayo sichinyamulika, anapempha chitengwa, kuti amutenge mkazi akakhale kwawo kwa mwamunayo m'malo moti iye adzamange kuchikamwini. Achibale ena anati unkhoswe wa banja ili aupereke kwa wina wachinyamata, a Sapasula angokhala kholo. Iwo anakana. Banja la mwana amene analera okha akanalipereka bwanji m'manja mwa wina? Anaimira okha, anavomera chitengwa, Esinati anawoloka mtsinje.

Panapita nthawi. Tsiku lina m'nyengo yokolola, dzuwa lili paliwombo, a Sapasula anali pakhonde akusenda mtedza. Anaona munthu akubwera pa njira, akuyenda mopendekera mbali imodzi, kamtolo ka zovala kali pamutu. Anali Esinati. Sanapite kwa amayi ake. Analunjika kwa atsibweni ake, n'kugwada pafupi ndi mapazi awo.

"Atsibweni," anatero, "sindinabwere kudzanena mlandu. Ndabwera kwathu."

Anafunyulula nsalu imene anafunda, n'kuwaonetsa mkono ndi phewa. Anawauza kuti khutu lakumanzere silikumvanso. Anawauza kuti mwamuna uja amatseka chitseko, n'kuyatsa wailesi mokweza, kenaka n'kuyamba. Anawauza kuti dzulo lake anamugwira pakhosi mpaka kunada. Sankalira ayi. Ankangonena, mmene munthu amanenera za mvula imene inagwa.

Mukuganiza kuti a Sapasula sanamve chisoni? Anamva! Anasiya kusenda, mtedza unatayikira pansi. Koma pa nthawi yomweyo maso awo anadumpha phewa la mwanayo n'kukagwera pa njira. Amayi awiri amene ankapita kuchitsime anali atachepetsa liwiro. Anaona kamtolo kaja. Mmodzi anagunda mnzake ndi chigongono.

"Funda nsaluyo," anatero a Sapasula. "Lowa m'nyumba, anthu angakuone."

Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba. Mwana wawo wagwada, khutu lafa, phewa lada bii, iwo mawu oyamba n'kukhala akuti anthu angakuone!

Mlongo wawo anamva, anabwera akuthamanga. Atangomuona mwana wake anagwira kumutu. "Achimwene, mwanayu sabwereranso. Munda ulipo, nyumba ilipo. Akhale."

"Nkhani za banja sitigamula ndi mtima wapachala," anayankha iwo. "Ndikaonana naye mkamwiniyo. Ndikamudzudzula."

"Pitani nokha mukamudzudzule. Mwanayu musiyeni."

"Ukamusiya mkazi kwawo usiku umodzi, anthu amati banja latha."

Mwamva? Sananene kuti banja limatha. Anati anthu amati latha.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni anatulutsa njinga. Anamanga kamtolo kaja kutsogolo. Esinati anakwera kumbuyo, chifukwa chibadwire anali asanawakanirepo atsibweni ake kanthu. Anapalasa okha, ndi miyendo yawo, kumuwolotsa mtsinje. Anthu amene anakumana nawo m'njira ankaima n'kupereka moni mwaulemu, ndipo iwo ankayankha mwaulemu.

Mkamwini atawaona anagwada m'fumbi, ufa wa kuchigayo uli mbuu kumutu. Anapepesa, analira, anati ndi Satana. Anapha nkhuku. Mphasa inayalidwa. A Sapasula anamudzudzuladi, ndi mawu olemera, okoma kumva, moti achibale a mwamunayo amene anasonkhana ankavomereza kuti eee, kuyankhula n'kumeneku. Mbale imodzi inabwera. Mwamuna anadya. Esinati anatenga kachidutswa, anakaika m'kamwa, anameza.

Pamene a Sapasula ankakwera njinga kuti azibwerera, Esinati anawaperekeza mpaka pa mpanda. Anagwira chishalo.

"Atsibweni, mukundisiyadi?"

"Pirira, mwana wanga. Walonjeza pamaso pa anthu. Sadzabwerezanso."

Esinati anasiya chishalocho. Iwo anapalasa osacheuka. Pofika kumudzi nkhani inali itafika kale, yakuti ngakhale la m'nyumba mwawo momwe alikonza tsiku limodzi. Dzina linakula kuposa kale.

Inafika nyengo yososa, kutentha kwa mvula isanagwe. M'mawa wina kunabwera munthu pa njinga yamoto kuchokera kutsidya. Anatsika, anakhala pansi, anati, "Tabwera ndi zovuta. Esinati watisiya. Anadwala malungo, sanachedwe."

Mkazi wa chitengwa akamwalira amakaikidwa kwawo kobadwira. Masana omwewo lole inafika ndi bokosi, mwamuna wake ali pambali pake akulira mokweza, achibale ake atadzaza kumbuyo. Bokosilo linali lokhomedwa kale ndi misomali. Analilowetsa m'nyumba ya amayi ake, mmene munadzaza amayi olira. Mkulu wa kuchimuna anati, "Tamusambitsa kale, tamuveka kale. Kunjaku kwatentha, tisachedwetse thupi. Tiike lero lomwe."

Adzukulu, amene amakumba manda, ananyamula makasu kupita kumanda. Abambo anakhala pansi pa mitengo. A Sapasula anapatsidwa mpando pakati pawo, pakuti iwo ndiwo anali eni mbumba, ndipo maliro a mwana wa mlongo wawo anali maliro awo. Popanda mawu awo thupi silikanatuluka m'nyumba.

Koma m'nyumbamo mayi wa mwana anakakamira. "Mwana wanga ndimuone. Sindingaike bokosi ine. Ndiike mwana." Amayi achikulire a m'mudzimo, amene ntchito yawo ndi kusambitsa maliro, anavomereza kuti mwambo ndi umenewo. Anatulutsa alendo a kutsidya, anatseka chitseko, anazula misomali ndi nsonga ya chikwanje.

Abambo panja ankamva kulira kwa m'nyumba monga mwa maliro onse. Mwadzidzidzi kulira kuja kunangoti zii. Inu munamvapo nyumba ya maliro itangokhala chete pakati pa kulira? Tsitsi limaima. Abambo anayang'anana. Chitseko chinatseguka pang'ono, mayi mmodzi wachikulire anatuluka, anayenda mpaka pamene panali abambo, anagwada.

"Eni mbumba alowe."

A Sapasula analowa. Chitseko chinatsekedwa kumbuyo kwawo. Amayi anapatuka.

Sindikuuzani zonse zimene anaona, muli ana muno. Ndingoti mkono unali wopindika pamalo pamene palibe mfundo. Kumbali kwa mutu kunali kolowa. Ndipo pakhosi panali zala, zoonekeratu, uku chala chachikulu, uku zinazo. Malungo sasiya zala pakhosi pa munthu.

A Sapasula anagwada. Anagwira phazi la mwanayo, lozizira, phazi limene ankalichotsa minga ali wamng'ono. Analira, kulira kwenikweni, kopanda mawu. Amayi onse anali duu, akuwadikira.

Mlongo wawo anawagwira malaya. "Achimwene, mwaona. Tulukani mukanene. Muuzeni aliyense asachoke. Tumani mnyamata kupolisi. Munthuyo ali panja pompa, wakhala pansi pa mtengo wathu. Tulukani mukanene, achimwene!"

Zinali zosavuta. Chitseko chinali pomwepo. Mawu ake anali ochepa. Akanangoima pakhomo n'kunena kuti, "Mwanayu sanafe ndi malungo, maliro sayikidwa lero," ndipo mudzi wonse ukanaimirira kumbuyo kwawo.

Anaimirira. Anafika mpaka pa chitseko, dzanja linagwira chotsegulira. Ndipo kudzera m'ming'alu ya chitsekocho anamva abambo akuyankhula motsitsa panja. Wina ankafunsa kuti kodi kwachitika chiyani m'nyumbamo. Wina anamuyankha kuti, "Osadandaula. Alowamo a Sapasula. Chilichonse chimene chavuta achikonza."

Dzanja lija linaima.

Anaona zimene zikanatsatira. Apolisi akanafunsa ngati mtsikanayu anadandaulapo kwa wina. Amayi awiri a pa njira ya kuchitsime aja akanakumbukira kamtolo. Anthu amene anapereka moni m'njira akanakumbukira amene ankapalasa njinga. Ndipo mabanja ena onse aja, akazi onse amene anameza chakudya chowatsamwa, akanayamba kuyankhula mmodzimmodzi. Pofika mawa dzina lija likanakhala chotukwanira.

Musaganize kuti ankaopa ndende. Palibe akanawamanga iwo. Chimene chinawagwira chinali china. Anadzifunsa kuti, ndikatuluka pakhomo pano n'kunena mawu amenewa, a Sapasula afera pomwepo. Nanga amene atsale ataima pakhomopo adzakhala ndani? Anafufuza m'kati mwawo, kufuna munthu uja wa bawo, wovina, wobereka mwana kupita naye kuchipatala, kuti mwina iyeyo ndiye atsegule chitseko. Sanamupeze. Anali atamusiya kalekale osamudyetsa. M'katimo munangotsala dzina, ndipo dzinalo linkafuna kukhala ndi moyo.

Anasiya chotsegulira. Anatembenuka. Anapukuta misozi ndi chikhatho.

"Mumangeni mpango pakhosipo," anatero. "Mutsekenso bokosilo."

Kalanga ine! Amayi aja anangoti kukamwa yasaa. Mlongo wawo anawayang'ana ngati akuona chilombo chimene chalowa m'nyumba masana.

"Mwati bwanji?"

"Ndi malungo, mlongo wanga. Wapita wapita. Tisautse mapokoso pa maliro, tingachititse manyazi mudzi."

"Achimwene! Ndi Esinati uyu! Esinati wanu!"

"Khomani," anauza amayi achikulire aja.

Ndipo anakhoma. Inde, anakhoma! Amayi a imvi, amene anaona ndi maso awo, anatola mwala n'kubwezera misomali m'mabowo ake. Mmodzi misozi ikugwera pa bokosi, koma akukhoma. Chifukwa kwa zaka zonsezo anali atazolowera kuti chimene anena a Sapasula ndicho chanzeru, ndipo aliyense ankaganiza kuti kapena pali chimene iwo akuona chimene ife sitikuchiona.

A Sapasula anatuluka, anaima pakhomo, anthu onse maso ali pa iwo. Anati, "Amayi amafuna kutsanzikana ndi mwana wawo. Atsanzikana. Mwambo upitirire."

Bokosi litatuluka, mayi wa mwana anatuluka pambuyo pake akukuwa. "Amupha! Mwana wanga amupha! Tsegulani muone!" Anathamangira kumene kunali mkamwini, amayi anzake n'kumugwira. Anthu anadzidzimuka, anatembenukira kwa a Sapasula kuti amve kwa iwo. Iwo anangopukusa mutu pang'onopang'ono, mwachisoni, mmene timachitira namfedwa akayamba kuyankhula zosadziwika. Basi, anthu anakhazikika. "Chisoni chawazunguza mutu," ankanong'onezana. Mayi ananena zoona pamaso pa mudzi wonse, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kupukusa mutu kwa munthu mmodzi kunafafaniza zonse. Anamutengera kuseri kwa nyumba, n'kumamupatsa madzi.

Kumanda nyimbo zinaimbidwa. Mwamuna uja anaponya dothi loyamba, akusisima, anzake a kwaya atamugwirira. Kenaka mkulu wa kuchimuna anaimirira kuthokoza. Anathokoza adzukulu, anathokoza mpingo. Pomaliza anati, "Ndipo tithokoze ankhoswe athu, a Sapasula. Ana awa anali ndi zovuta zawo, monga mabanja onse. Koma chifukwa cha bambo awa, banja ili silinapasuke. Yawalekanitsa ndi imfa yokha, monga analonjezera pa tsiku la ukwati wawo."

Khamu lonse linavomera, "Eee."

Ndipo mutu wa a Sapasula unagwedezeka kuvomereza. Unagwedezeka wokha, mmene unkachitira nthawi zonse akamayamikiridwa. Anali ataima pa dothi lofiira la manda a mwana amene anamulera, akudziwa chimene chili pansi pa mpango uja, ndipo mawu aja anawakomera. Ndikunena ine, anawakomera!

Anthu anabwerera kumudzi, anasamba m'manja pa mphambano monga mwa mwambo. Kulira kwa mlongo wawo kunkamvekabe kuseri kwa nyumba, mawu atasasa. Pamenepo mbale wawo wina wa m'mudzi woyandikana anawakokera pambali, chipewa chili m'manja.

"Pepani, akulu, ndikudziwa kuti si tsiku lake," anatero. "Koma kukupezani n'kovuta. Mwana wanga wamkazi wapeza mwamuna, wa kutali ndithu, ndipo akufuna chitengwa. Amayi ake akuchita mantha. Ine ndawauza kuti tikapeza a Sapasula kukhala nkhoswe, mwana wathu ali m'manja abwino. Mungatiimirire?"

A Sapasula anayang'ana manja awo. Madzi osamba m'manja aja anali asanaume n'komwe.

"Tsiku mwakonza liti?" anafunsa.

Fanizo lathera pamenepo. Musandifunse ngati anagwidwa, kapena ngati analapa. Ndikuona ena mwagwira pakamwa. Gwirani ndithu.

Inu amene mwaikidwa pa maudindo lero, kuyambira mawa anthu ayamba kukutchulani maina. Wina adzakhala mayi wosakwiya. Wina bambo wosalephera. Wina mkulu amene mpingo wake mulibe mikangano. Maina amenewa ndi okoma, ndipo mwina mudzawayeneradi. Koma amene akukupatsaniwo amangonena n'kupita kwawo kukagona. Wotsala nalo dzinalo ndi inu, ndipo lidzayamba kukupemphani zinthu. Lidzayamba ndi zazing'ono, kuseka kwanu, anzanu akale. Tsiku lina lidzapempha munthu. Choncho sungani m'kati mwanu munthu amene angathe kunena kuti "ndinalakwa" anthu onse akumva, n'kukhalabe ndi moyo. Sungani anzanu amene sachita nanu mantha.

Ndipo inu nonse akumbuyoko, amene mukuti nkhaniyi ndi ya atsogoleri okha, a Sapasula sanakhome bokosi lija ndi manja awo. Wina akadzagwada pamaso panu n'kukuonetsani bala lake, maso anu akadzayamba kuthawira kumsewu kuti aone amene akuyang'ana, muwabweze. Yang'anani balalo.